Kontena yochokera ku Limbe pa njanji: zimene zimaichedwetsa

Mwangoyamba kumene ntchito yotumiza katundu kunja, ndipo bwana akupatsani kontena ya nandolo yopita ku India kudzera ku doko la Nacala. Musanalonjeze kasitomala tsiku, dziwani izi.

1. Kukula kwa njanji si vuto lathu. Ku Malawi, Mozambique ndi Zambia mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ndi umodzi, mamilimita 1,067. Otumiza katundu kuchokera ku China kupita ku Ulaya amasamutsa makontena kawiri, polowa ku Kazakhstan ndi pa malire a Belarus ndi Poland, chifukwa njanji zapakatipo ndi za 1,520 pamene za uku ndi uku ndi za 1,435. Ife bogi yopakiridwa ku Limbe imakafika ku Nacala osatsitsa katundu.

2. Kulemera. Njanji iliyonse ili ndi malire a katundu amene ekiselo imodzi, chitsulo cholumikiza mateyala awiri, ingasenze. Njanji ya malasha yochokera ku Moatize inamangidwira zolemera, koma ya Limbe mpaka Nkaya ndi ina. Funsani a njanji malirewo musanadzaze matumba, ndipo kontena ipite pa sikelo musanaitseke. Kuyambira July 2016 kontena siikwezedwa m'sitima ya pamadzi popanda chikalata chotsimikiza kulemera kwake, chotchedwa VGM.

3. Njanji ndi imodzi, yopita ndi yobwera. Pa Nkaya sitima yanu imalowa mumzere wa sitima zazitali za malasha, ndipo zimapatukirana pa malo owerengeka okha. Kudikirako kuwerengereni pa masiku a ulendo.

4. Pa malire a Nayuchi ndi pamene ambiri amagwa. Tsidya linalo, ku Entre Lagos, mapepala ndi a Chipwitikizi ndipo ofesala wa kasitomu ndi wina. Nambala ya kontena, nambala ya silo yotsekera chitseko ndi kulemera kwake zifanane pa chikalata cha MRA, pa cha njanji ndi pa chodutsira m'Mozambique. Nambala imodzi ikasiyana, bogi yanu angathe kuidula n'kuisiya pambali, zinzake n'kumapita. Choncho pitani nokha ku yadi ya ku Limbe, muwerenge silo ndi maso anu, muijambule pa foni, mutumize chithunzicho kwa ejenti wanu wa ku Nacala tsiku lomwelo. Zolemba za kalaliki wa ku shedi musazikhulupirire musanaone. Naye amalemba atatopa.

5. Kasitomala akafunsa za Beira, muuzeni zoona: njanji yochokera ku Limbe inaduka ndi madzi cha ku Chiromo mu 1997, ndipo katundu wa ku Beira amayenda pa thiraki kudzera ku Mwanza ndi Tete. Ngakhale ya Nacala imakokoloka m'dzinja. Kuyambira January mpaka March onjezani masiku, ndipo werengerani chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku limene doko lidzasiye kulandira makontena a sitima imene mwabukitsa.