Kusamutsa Seva ya Imelo Popanda Kutaya Makalata

Seva ya imelo ndi kompyuta imene imalandira, kusunga ndi kutumiza makalata a pa intaneti a anthu ambiri, monga ogwira ntchito pa kampani imodzi. Imagwira ntchito usana ndi usiku. Ikakalamba, kapena malo osungira akachepa, ntchito yake imasamutsidwira pa makina atsopano. Chovuta n'chakuti makalata saleka kubwera pa nthawi ya msamukowo.

Seva ili ngati positi ofesi: muli mabokosi a eni makalata, komanso thumba la makalata amene akudikira galimoto. Mabokosi aliyense amawakumbukira. Limene limaiwalika ndi thumbalo, ndiye kuti mzere wa makalata amene seva idawalandira koma sinawafikitse.

Maseva amalankhulana potsatira malamulo otchedwa SMTP, amene Jon Postel adawalemba mu 1982. Seva yopatsidwa kalata imayankha ndi nambala. Ikati 250, ndiye kuti yalandira, ndipo yotumiza ija imafufuta kalatayo kwa iyo. Kuyambira pamenepo udindo wonse uli pa yolandira. Yankho loyamba ndi 4, monga 451, limatanthauza kuti yotumiza ibwerenso nthawi ina. Loyamba ndi 5, monga 550, ndi kukana kotheratu, ndipo kalata imabwerera kwa mwini wake. Malamulo okonzedwanso mu 2008 amalangiza kuti seva yotumiza iziyesabe kwa masiku 4 kapena 5 isanagwe ulesi.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Seva yozimitsidwa kwa maola angapo sitayitsa kalata, chifukwa otumiza amadikira. Yoopsa ndi seva yatsopano yotsegulidwa mwaphuma, mayina a anthu asanalowetsedwe onse: imayankha 550, makalata n'kubwerera. Yoopsanso ndi seva yakale yofufutidwa mzere wake usanathe, pakuti makalata a pamzerewo sapezekanso kwina kulikonse.

Ntchito imayamba kudakali masiku angapo, ndipo imayambira ku DNS, kaundula amene amauza makompyuta a dziko lonse kumene dzina lililonse limapezeka. M'kaundulamo muli cholembedwa chotchedwa MX, chosonyeza seva yolandira makalata. Makompyuta ena amasunga yankho la kaundulayu kwa nthawi yotchedwa TTL, yowerengedwa m'masekondi. TTL ikakhala 86,400, ena apitiriza kugogoda pa seva yakale tsiku lathunthu. Choncho woyang'anira seva amaitsitsiratu kufika pa 300, omwe ndi mphindi 5 zokha.

Kenaka seva yatsopano imakonzedwa ndi kuyesedwa. Mabokosi amakoperedwa ndi pulogalamu monga rsync, seva yakale ikugwirabe ntchito. Ulendo woyamba umatenga nthawi. Wachiwiri umafulumira chifukwa rsync imangotenga zimene zasintha. Pa seva yoyendera Postfix, pulogalamu imene Wietse Venema adaitulutsa mu 1998, pali chitetezo chabwino kwambiri chotchedwa soft_bounce. Chikayatsidwa, mayankho oyamba ndi 5 amasanduka oyamba ndi 4, kotero cholakwika chilichonse chimangochedwetsa kalata m'malo moibweza. Sichiyenera kuiwalika choyaka ntchito ikatha.

Tsiku la msamuko likafika, makamaka usiku kapena kumapeto kwa sabata, khomo lolandirira makalata pa seva yakale, la nambala 25, limatsekedwa. Lamulo lakuti postqueue -p limaonetsa zotsala pamzere. Kalata iliyonse imaoneka ndi nambala yake, kukula kwake, nthawi imene idafika, wotumiza, wolandira, ndi chifukwa chimene yachedwera. Pansi penipeni pamalembedwa chiwerengero cha makalata onse.

Njira yodalirika yothetsera mzerewo ndi kuuza seva yakale, kudzera pa relayhost, kuti makalata opita kunja izipereka kwa seva yatsopano, imene iyenera kuloledwa kuwalandira. Lamulo lakuti postqueue -f limakankha mzere wonse nthawi yomweyo. Kalata iliyonse imachoka pa seva yakale pokhapokha yatsopano itanena 250. Njira ina ndi kukopera mafayilo a mzere kuchokera mu /var/spool/postfix, koma imafuna kusamala. Postfix iyenera kuimitsidwa mbali zonse ziwiri, ndipo mayina a mafayilowo amagwirizana ndi nambala zake pa disiki yakale, choncho pamafunika lamulo lakuti postsuper -s kuti awakonze. Kwa wosazolowera, njira yoyamba ndiyo yabwino.

Mzere ukatha, rsync imayendetsedwa komaliza, MX imalozetsedwa ku seva yatsopano, ndipo khomo lake limatsegulidwa kwa onse. Cholembedwa cha SPF, chotchula maseva ololedwa kutumiza makalata m'dzina la kampani, chiyenera kukhala ndi adiresi yatsopano. Kupanda kutero makalata otuluka amakanidwa kapena kuponyedwa ku zinyalala.

Seva yakale siyenera kufufutidwa msanga. Imasungidwa kwa sabata kapena kuposerapo, woyang'anira akuwerenga zolemba za seva yatsopano kuti aone ngati pali dzina lokanidwa molakwika. Disiki yake imafufutidwa pokhapokha mzere utaonetsa kuti ulibe kanthu ndipo eni mabokosi atsimikiza kuti makalata awo akale onse akuoneka.