Matayala a pikapu ya kumunda: werengani kaye kulemera kwa katundu

Mvula ikangokata mu Epulo, pikapu ya ku Sanjala, mu Lichinga, siona tulo. Lero yalowera ku Chimbunila kukatenga nyemba, mawa ili ku Sanga kapena ku Muembe ndi matumba a kachewere, ndipo chaka chikamatha ndi yomweyonso yokatula feteleza kumunda, pamatope ofiira aja. Banja lokhala ndi galimoto yotere limadziwa kuti kupatula mafuta, ndalama zambiri zimathera m'matayala. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti ambiri pogula amangopapasa mano a tayala, n'kufunsa mtengo, basi. Manambala olembedwa m'mbali mwake, omwe amanena zoona zake za tayalalo, sawayang'ana n'komwe.

Tiyambe ndi manambalawo. Pa tayala mupeza mzere wonga uwu: 205R16C 110/108S. Mbali yoyamba ndi kukula kwake, ndipo ambiri amaidziwa. Imene ndikufuna muigwiritse ndi 110. Nambala imeneyi imanena katundu amene tayala limodzi lingasenze: 104 ndi makilogalamu 900, 106 ndi 950, 110 ndi 1,060, 112 ndi 1,120, pamene 120 ndi 1,400. Yachiwiriyo, 108, ndi ya magalimoto okhala ndi matayala awiriawiri kumbuyo, choncho inu a pikapu musavutike nayo. S wa kumapetoyo akunena za liwiro, makilomita 180 pa ola, ndipo pamisewu yathu palibe amene angafike pamenepo.

Tsono pitani pa galimoto yanu. Pamphuthu ya chitseko kapena pafupi ndi injini pali kachitsulo kapena kapepala komwe opanga analembapo kulemera kumene ekiselo iliyonse ingapirire. Tengani nambala ya kumbuyo, muigawe pawiri. Tinene kuti palembedwa makilogalamu 1,850. Ndiye kuti tayala lililonse la kumbuyo liyenera kusenza 925. Apa la 104 lalephera kale, la 106 lakwana mongopenekera, la 110 ndiye lasiya mpata. Mpata umenewu ndi wofunika, chifukwa matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu, ndipo pafupifupi yonseyo imatsamira kumbuyo. Galimoto ikapendekeka pamsewu wokumbika ndi madzi, tayala la mbali imodzi limasenza koposa mnzake. Likagunda dzenje, katunduyo amalitsikira mwamphamvu. Tayala lomwe tsiku lililonse limagwira ntchito pamalire a mphamvu zake limatentha mkati, nsalu zake n'kuyamba kulekana, ndipo limadzaphulika mano akadali ambiri.

Ndichenjezeretu pano: tayala lamphamvu silisandutsa pikapu kukhala lole. Masipuling'i, mabuleki ndi ekiselo zikadali zomwe zija. Ngati matumba ali 35, yendani maulendo awiri.

Chilembo C chija, kapena LT pa matayala ena, chimasonyeza kuti analipangira magalimoto onyamula katundu. Pafupi pake mupeza 6PR, 8PR kapena 10PR, zimene omata matayala amati mapulayi. Masiku ano nambalayi siwerenga nsalu zenizeni zili mkatimo, imangonena kulimba kwa thupi la tayala. Pa ntchito ya kumunda ine sindingatsike pansi pa 8PR. Mapikapu ambiri a zitseko 4 amabwera ndi matayala ofewa, opangira kuti wokwera asamve mabampu. Nambala ya katundu ikhoza kukhala yabwino ndithu, koma m'mbali mwake ndi mopyapyala. Kumunda, tayala limafera m'mbali: chitsa chotsala pamene anagwetsa mitengo, mwala wakuthwa pachitunda, nsonga ya nsungwi. Msomali ukalowa pamano, amamata n'kupitiriza ulendo. M'mbali mukang'ambika, tayala latha, ngakhale ligulidwe dzulo. Alipo amene amasoka kapena kuika chigamba mkati, koma tayala lotero musalinyamulitse katundu, makamaka potsetsereka kupita ku Metangula kunyanja.

Pachifukwa chomwechi, limu ya 15 kapena 16 ndi yabwino kumunda kuposa ya 17 kapena 18, pakuti imasiya mphira wambiri pakati pa mwala ndi chitsulo. Achinyamata amakonda matayala otambalala chifukwa amakongoletsa galimoto. Koma taonani Land Cruiser yakale ija ya matayala oonda a 7.50R16: pamatope imaboola n'kukagwira nthaka yolimba pansi, pamene lotambalala limangoyandama pamwamba n'kumaterereka.

Tibwere ku mano tsopano. Alipo a mitundu itatu, ndipo amalembedwa H/T, A/T ndi M/T. A H/T ndi a pa tala, pamatope alibe ntchito. A M/T ndi aja a mano akuluakulu otalikirana, oopsa m'maonekedwe. Pamatope ndi akatswiri, koma pa tala amalira, amamwa mafuta ambiri, amatha msanga, ndiponso mvula ikagwa sagwira bwino pamsewu wosalala. Kale, msewu wa N13 wopita ku Mandimba ndi Cuamba usanathiridwe tala, munthu akanatha kuwaikira kumbuyo. Lero ulendo wa ku Cuamba, pafupifupi makilomita 300, ndi wa pa tala, ndipo ulendo uliwonse wotere umadya mano amene munagulira matope. Kwa mabanja ambiri a ku Lichinga, omwe amayenda pa tala pang'ono, pafumbi pang'ono, ndi pamatope miyezi ya dzinja yokha, A/T ya 8PR kapena 10PR ndiyo ikhalitsa. M/T ndingalangize yekhayo amene munda wake uli kuseri kwa dambo ndipo ayenera kukafikako mu Januwale ndi Febuluwale.

Za mayina a makampani sindichulukitsa. Fakitale ya matayala ya Mabor ku Maputo inatsekedwa kalekale, choncho tayala lililonse latsopano limachokera kunja: ku South Africa, kumene Dunlop amapanga ku Ladysmith, Bridgestone ku Brits ndi Continental ku Gqeberha, kapena ku maiko a ku Asia. Otsika mtengo si onse oipa, odula si onse oyenera ntchito yanu. Chofunika kwambiri, sankhani kukula kumene kumapezeka mu Lichinga momwemo. Tayala lachilendo likang'ambika pakati pa nyengo yokolola, mudzakhala mukudikira lochokera ku Nampula nyemba zikufumbwa.

Musalipire musanaone tsiku limene tayala linapangidwa. Funani mawu akuti DOT, ndipo kumapeto kwa mzerewo kuli manambala 4. Mukaona 2323, ndiye kuti ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2023. Mphira umakalamba ngakhale tayala lili m'sitolo. Opanga ena, monga Michelin, amati likakwana zaka 5 liziunikidwa chaka ndi chaka, likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino.

Apa ndi pamene a kaunjika amagwetsera anthu. Ndikudziwa kuti thumba silifanana, ndipo pali nyengo imene banja silingakwanitse latsopano. Ngati zafika pamenepo, tayala la kaunjikalo litembenuzeni muone mkati, muyendetse dzanja kufuna zigamba ndi zotupa, mupinde m'mbali kuti ming'alu ionekere. Pewani olembedwa Studless, omwe amabwera ndi magalimoto a ku Japan: anawapangira chipale chofewa, mphira wake ndi wofewa, ndipo pakatentha amatha msanga ngati sopo. Pewaninso aja osemedwa mano ndi chitsulo chamoto kuti aoneke atsopano, chifukwa kusemako kumafika pafupi ndi mawaya. M'mizere ya tayala muli timizere topingasa ta mamilimita 1.6. Mano akalingana nato, tayala latha, ndipo pamatope limakhala litasiya kugwira kalekale.

Mukagula bwino, chotsala ndi mpweya. Makilogalamu aja tayala limawasenza pokhapokha litapopedwa mokwanira. Pakhomo la dalaivala pali kapepala kosonyeza mpweya wa galimoto yopanda katundu ndi wa yodzaza, ndipo kawirikawiri kumbuyo kumafuna wochulukirapo mukasenza. Gulani kachipangizo kanu koyezera, musadalire kumenya tayala ndi sipanala. Yezani m'mawa galimoto isanayende. Lichinga ali pamtunda woposa mamita 1,300, ndipo m'mawa wa Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, choncho mpweya umatsika. Mukayenda n'kupeza wakwera chifukwa tayala latentha, musauphwetse, umenewo ndi wachibadwa. Ngati munaphwetsako kuti mudutse pamchenga, popaninso musanakwere pa tala.

Pakatha makilomita 8,000 mpaka 10,000, sinthanitsani akutsogolo ndi akumbuyo. Mukaona tayala likudyeka mbali imodzi, vuto lili pa alayimenti kapena zitsulo za chiwongolero, ndipo kugula lina musanakonze zimenezo n'kutaya ndalama. Pa ekiselo imodzi pakhale matayala ofanana kukula, mtundu ndi kutha kwake, ndipo galimoto yokoka miyendo yonse imafuna onse 4 afanane.

Sipeya nayenso akhale wa nambala ya katundu yofanana ndi anzake, popeza tsiku lomwe adzafunike galimoto idzakhala yodzaza. Muzimuyeza mpweya pamodzi ndi enawo mwezi uliwonse, ndipo jeke wanu akhale woti angathe kunyamula pikapu ili ndi matumba ake, pamodzi ndi thabwa lochindikala loika pansi pake nthaka ikafewa.