Kodi perete wa asilikali angawongole khalidwe la ana asukulu?

Funso: Kholo lina la kwa Chitukula likufunsa ngati kuphunzitsa ana a sekondale kuguba ngati asilikali kungathetse mwano ndi kuthawa m'kalasi.

Yankho: Dziko lino linayesapo kale njira yofanana ndi imeneyi. Gulu la Malawi Young Pioneers, lomwe anthu ankangoliti apayoniya, linakhazikitsidwa mu 1963, ndipo alangizi ochokera ku Israel anathandiza kuliphunzitsa. Ena mwa apayoniya ankatumizidwa m'sukulu kukaphunzitsa masewera olimbitsa thupi ndi kuguba. Gululi linatha mu Disembala 1993 pomwe asilikali analilanda zida pa Operation Bwezani. Ku Zambia ana a sekondale amalowabe m'gulu la makadeti loyang'aniridwa ndi asilikali.

Perete amaphunzitsa zinthu zooneka ndi maso: kusunga nthawi, kuvala mwaukhondo, kumvera lamulo mwamsanga ndi kuchitira zinthu pamodzi. Mwana wosakhazikika akapatsidwa udindo wotsogolera anzake khumi, nthawi zambiri amayamba kudzisunga, poti maso onse ali pa iye.

Vuto limabwera pamene kumverako kwazikidwa pa mantha, monga zinkachitikira nthawi ya apayoniya. Mwana wotere amafatsa pokhapokha mlangizi ali pafupi. Akuluakulu a gulu amathanso kusanduka ozunza ana a Fomu 1. Ndiponso kuguba sikubweza mwana amene akujomba chifukwa cha kusowa ndalama, njala, kapena ganyu wosoka fodya ku Nsaru ndi Kabudula. Chilango chomenya chimaletsedwa ndi gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko, ngakhale womenyayo atavala yunifolomu.