Mukufuna kukaona minda ya tiyi ku Thyolo? Mafunso ndi mayankho

Kodi n'kutali?

Ayi. Kuchokera ku Limbe ndi makilomita pafupifupi 40 pamsewu wa tala wa M2, wodzera ku Bvumbwe kupita ku Mulanje. Minibasi zilipo tsiku lonse. Kuchoka pamsewu waukulu kulowa m'maesiteti, kabaza wa njinga yamoto amakufikitsani.

Ndipite nthawi yanji?

Ngati mukufuna kuona ntchito ili pachimake, pitani nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo. Tiyi amaphuka msanga ndipo othyola amadzaza m'minda, kungoti misewu ya dothi imaterera. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumagwa chiperoni, kamvula kowaza kodza ndi nkhungu ndi mphepo yolowa m'mafupa. Juzi musaisiye.

Tiyiyu anabwera liti?

Anayambira ku Mulanje, komwe Henry Brown anadzala tiyi mu 1891, ndipo tiyiyu anafika ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Esiteti ya Satemwa anaikhazikitsa Maclean Kay mu 1923. Ena mwa maesiteti odziwika ndi Conforzi, Naming'omba, Makandi ndi Nchima.

Ndingangolowa m'munda uliwonse?

Ayi, mindayi ili ndi eni ake ndipo pazipata pali alonda. Ku Satemwa amalandira alendo: amakuyendetsani m'minda, kukulawitsani tiyi wamitundumitundu, ndipo mutha kugona ku Huntingdon House. Adziwitseni ulendo usanachitike.

Ndikayang'ane chiyani kwenikweni?

Manja a wothyola tiyi. Ambiri timathera kujambula mapiri obiriwira, osaima n'kuona mayi ali ndi dengu kumsana, atadzikulunga pulasitiki m'chiuno kuti mame ndi timitengo zisamung'ambire zovala. Amatenga masamba awiri anthete ndi kansonga kake, n'kuponya m'dengu osacheuka. Dengu likadzaza amapita nalo pasikelo, kalaliki n'kulemba makilogalamu, kapitawo ali pambali. Masambawo sagonera kumunda. Kufakitale amawafotetsa, kuwadula, kuwasiya kuti afiire, kenako kuwaumitsa ndi moto. Gawo lina limagulitsidwa ku okushoni ya ku Limbe, ndipo tiyi wathu wambiri amapita kunja.

Musanamujambule mayiyo, mupatseni moni ndi kupempha. Ali pantchito.

Nanga malalanje? Ndinamva kuti alipo.

Alipo m'makomo mwa anthu, koma kwawo kwa manachesi ndi ku Mwanza ndi ku Neno. Thyolo inatchuka ndi nthochi za ku Thekerani ndi ku Molere, mpaka matenda a chisaka anadzaziwononga, alimi n'kuuzidwa kuti azule mapando awo. Ambiri anadzalanso mbewu yatsopano.

Komatu malalanje ali ndi malo ake m'mbiri ya boma lino. Mu Ogasiti 1953, pa esiteti ya Mangunda pafupi ndi Luchenza, azungu anagwira anthu awiri powaganizira kuti akuba malalanje. Mphekesera inawanda yoti anthuwo aphedwa, ndipo khamu linakhamukira pamalopo. Zipolowe zinafalikira m'madera ena a chigawo cha kummwera: anthu anatseka misewu ndi mitengo, anadula mawaya a telefoni, ndipo anthu 11 anafa. Malalanje anangoyatsa moto womwe nkhuni zake zinali zitaunjikana kale.

Zinali nkhuni zanji?

Malo ndi thangata. M'zaka za m'ma 1890, boma la atsamunda la Harry Johnston linapereka zikalata za malo aakulu kwa azungu. Amang'anja omwe analipo kale, pamodzi ndi Alomwe ochokera ku Mozambique, anakhala alendo pa nthaka yomwe ankalima, ndipo ankalipira malowo pogwira ntchito kwa mwini esiteti, ndiye thangatayo. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba chaka chomwecho cha 1953, chinawonjezera mkwiyo. Thangata anatha, koma vuto la malo lidakalipo. Imani m'malire a esiteti muone: mbali iyi tiyi mpaka komwe maso alekezera, mbali inayo nyumba zothithikana ndi timinda ta chimanga tokwera m'phiri. Mlendo wobwerera kwawo osaona zimenezi sanaione Thyolo.

Phiri la Thyolo lili ndi nkhalango?

Yatsala pang'ono chabe, makamaka mbali ya Satemwa. Mitengo yambiri inagwetsedwa ndi anthu osowa polima. Mbalame yosowa yotchedwa Thyolo alethe, yomwe inatenga dzina la phirili, ikutha pamodzi ndi nkhalangoyo.

Kulinso kwina koti n'kufika?

Ku Makwasa kuli Malamulo, mishoni ya Seventh-day Adventist ya mu 1902. Ku Ndata kuli sukulu ya ukachenjede ya MUST ndi Mpumulo wa Bata, manda a Bingu wa Mutharika.

Ndigule chiyani pobwerera?

Tiyi wa komweko, inde. Koma imaninso pamsika wa Bvumbwe kapena m'mbali mwa msewu, mugule mapeyala, nthochi ndi ndiwo zamasamba kwa alimi eni ake. Musawanenerere mtengo mopyola muyeso; ambiri mwa iwo minda yawo ndi yaing'ono.