Phunziro: Pulogalamu Ikagwa Pakati pa Mayeso

Pulogalamu ya pakompyuta ndi mndandanda wa malangizo amene munthu amalemba kuti makina azitsatira, ndipo popeza malangizowo amachuluka komanso amasinthidwa tsiku ndi tsiku, olemba ake sangathe kuwayesa onse pamanja nthawi iliyonse akakonza mzere umodzi. N'chifukwa chake amalemba timapulogalamu tina totchedwa mayeso, timene timafunsa pulogalamu yaikuluyo mafunso odziwika kale mayankho ake, n'kuona ngati yayankha molondola. Mayesowa amayendetsedwa ndi pulogalamu yoyang'anira, monga Jenkins kapena GitHub Actions, pa makompyuta opanda munthu pafupi, kawirikawiri usiku, kuti antchito akamafika m'mawa apeze zotsatira zili kale.

Pulogalamu yoyang'anirayo siona zochitika m'kati mwa pulogalamu imene ikuyesedwa. Imangodikira nambala imodzi imene pulogalamu iliyonse imasiya ikamatseka, yotchedwa exit code, ndipo 0 amatanthauza kuti zonse zayenda bwino pomwe nambala ina iliyonse imasonyeza vuto.

Pulogalamu imanenedwa kuti yagwa ikafa mwadzidzidzi chifukwa chochita chinthu chosaloledwa, monga kuwerenga pamalo a memori amene si ake, memori kukhala malo omwe kompyuta imasungamo zinthu zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Pa Linux, pulogalamu yotere imatumiziridwa chizindikiro cha nambala 11 chotchedwa SIGSEGV, ndipo nambala imene imaoneka ikafa ndi 139, kutanthauza 128 kuphatikiza 11. Pa Windows cholakwa chomwechi chimalembedwa kuti 0xC0000005. Kugwa kotereku sikudetsa nkhawa oyesa, chifukwa mayeso amalembedwera kuti zolakwa zionekere m'nyumba, zisanafike kwa anthu ogwiritsa ntchito pulogalamuyo.

Chimene chimavuta ndi pulogalamu yogwa koma osamaliza kufa. Kuyambira pa Windows XP ya mu 2001, kampani ya Microsoft inaika mbali yotchedwa Windows Error Reporting, imene pa mitundu yambiri ya Windows imatulutsa kabokosi pasikirini kouza munthu kuti pulogalamu yasiya kugwira ntchito, n'kumudikira adine batani. Mapulogalamu olembedwa ndi Visual C++ amene adakali kukonzedwa amatulutsanso kabokosi kawo, ka mabatani atatu olembedwa Abort, Retry ndi Ignore. Kwa munthu wokhala pa kompyuta yake kabokosika n'kothandiza, koma pa makina oyesera kamakhala ngati mlendo amene akuchita odi pakhomo pomwe eni ake ali kumunda. Malinga ngati batani silinadinidwe, pulogalamu siitseka, nambala siituluka, ndipo yoyang'anira ija imangodikira poganiza kuti ntchito ili m'kati. Pa GitHub Actions, ngati munthu sanasinthe malire, kudikirako kumafika mphindi 360, omwe ndi maola 6. Mayeso onse amene anali pamzere amagona osayendetsedwa, ndipo m'mawa gulu lonse la antchito limapeza palibe chodziwika, ngakhale dzina la cholakwa chenichenicho.

Njira yoyamba yothetsera vutoli ndi kuletsa kabokosi ka Windows Error Reporting kaja kuti kasatuluke. Pulogalamu yoyendetsa mayeso ingagwiritse ntchito lamulo la Windows lotchedwa SetErrorMode pamodzi ndi mawu akuti SEM_NOGPFAULTERRORBOX, ndipo ubwino wake ndi wakuti mapulogalamu amene iyo idzayatse amatengera lamulo lomwelo. Mwinanso woyang'anira makina amalowa m'kaundula wa Windows, wotchedwa Registry, momwe mumasungidwa makonzedwe a kompyuta, n'kuika 1 pa dzina loti DontShowUI.

Komabe si kuima konse kumene kumadza ndi kabokosi, pakuti pulogalamu ingazungulire pamalangizo omwewo kosalekeza, kapena mbali zake ziwiri zingadikirane mpaka kalekale, iliyonse itagwira chimene inzake ikufuna. Apa mankhwala ake ndi malire a nthawi. Pa Linux pali lamulo loti timeout, limene nthawi ikakwana limatumiza chizindikiro 15 chopempha pulogalamu kuti itseke, n'kusiya nambala 124, ndipo likauzidwa kutero limatumizanso chizindikiro 9 chimene pulogalamu singachikane. Malirewo amafuna kuwaganizira bwino, chifukwa akafupika kwambiri amadula mayeso abwinobwino tsiku limene makina akuyenda pang'onopang'ono.

Kuchotsa kabokosi popanda kusunga umboni ndi kulakwitsa kwina, kumene ambiri amagweramo chifukwa chofulumira kuti mayeso ayambenso kuyenda. Pulogalamu ikamagwa, kompyuta ingathe kulemba fayilo yotchedwa crash dump, yosonyeza mmene memori inalili ndiponso mzere umene unkayenda panthawi ya ngoziyo. Kuyambira pa Windows Vista SP1, kukonza malo otchedwa LocalDumps m'kaundula muja kumachititsa kuti mafayilowa azisungidwa okha, mpaka 10 ngati nambalayo sinasinthidwe. Ena amangolamula makina kuti azibwereza mayeso amene agwa mpaka atadutsa, koma kuteroko n'kubisa matenda, chifukwa cholakwa chimene chaoneka kamodzi usiku chidakali m'pulogalamu, ndipo chidzagwera munthu amene akutumiza ndalama kapena kulemba kalata yake. Mayeso amene agwa ayenera kulembedwa kuti alephera, fayilo yake isungidwe, ndipo mayeso otsatira ayambe nthawi yomweyo.