Anapiye a Mikolongwe: mwezi woyambira ndi uti?

Nkhuku zakuda za Mikolongwe zinatenga dzina ku famu ya boma ya Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, koma mtundu wake weniweni ndi Black Australorp, wochokera ku Australia. Alimi amazikonda chifukwa zimaikira mazira ambiri kuposa zachikuda, zili ndi nyama yochuluka, komanso zikakula zimatha kudzitolera chakudya pabwalo. Vuto limakhala pa anapiye. Ambiri amagula anapiye tsiku lomwe apeza ndalama, osafunsa kuti anapiyewo akumana ndi nyengo yotani, ndipo khola limatha mwezi usanathe.

Mwanapiye wongoswedwa kumene satha kudzitenthetsa yekha. Sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, kenaka nkumachepetsa pang'onopang'ono sabata iliyonse kufikira nthenga zitamera bwino, pa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Masabata amenewa ndiwo mlimi ayenera kuwapezera malo abwino pa kalendala.

Dzinja ndi nyengo yovuta. Kuyambira Disembala mpaka Malichi utuchi wa m'khola suchedwa kunyowa, ndipo pachinyezi m'pamene pamabuka matenda otsegula m'mimba, aja anapiye amachita chitosi cha magazi nkumangoima atagwetsa mapiko. Nthawi yomweyo chimanga chimakhala chitatha m'nkhokwe, mtengo wake uli m'mwamba, ndipo madeya amasowa chifukwa anthu nawonso amawafuna. Mlimi amene wayamba mu Januwale amapezeka akulimbirana chakudya ndi nkhuku zake.

Chilimwe chimanyenga. Kunja kukufunda, makala otenthetsera anapiye safunika ambiri, ndiye munthu amaona ngati wapeza nthawi yabwino. Koma kuyambira Ogasiti mpaka Novembala ndi pamene chitopa chimasesa midzi, ndipo anapiye osalandira katemera ndiwo amayamba kugwa. Ku Chikwawa ndi Nsanje, komwe mu Okutobala kumatentha kufika madigiri 40, nkhuku zimangoyasamula kukamwa, kudya osadya, kukula osakula.

Kwa mlimi wofuna nkhuku za mazira, miyezi ya Epulo ndi Meyi ndiyo yomuyenera. Mvula imakhala italekeza, khola ndi louma, chimanga ndi soya zangokololedwa kumene ndipo mtengo watsika, madeya ali mbwee kuchigayo. Anapiye a mu Epulo amafika mu Juni atavala nthenga zokwanira, choncho chisanu sichiwapeza ali maliseche. Pofika nyengo ya chitopa amakhala atalandira katemera, ndipo poti Mikolongwe imayamba kuikira pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, mazira oyamba amabwera cha mu Seputembala kapena Okutobala. Mu Januwale, pamene pakhomo pasowa ndalama ya sopo ndi mchere, misoti ija imakhala ili mkati moikira.

Izi sizikutanthauza kuti mu Juni ndi Julayi n'zosatheka. Ku Dedza, kapena ku Thyolo ndi Mulanje kukagwa chiperoni, mlimi angolimbikira mbaula usiku wonse. Makala ayambe ayakira panja mpaka utsi utatha, ndipo khola lisatsekedwe paliponse, chifukwa mpweya wa makala umapha anapiye ali m'tulo. Anapiyewo amanena okha momwe akumvera: akaunjikana pafupi ndi mbaula nkumalira, kwazizira; akathawira m'mbali mwa khoma, kwatentha kwambiri; akamwazikana nkumadya mwakachetechete, zili bwino. Amene alibe makala okwanira ndi bwino agule anapiye a masabata asanu ndi limodzi, omwe adutsa kale msinkhu wofuna moto.

Nkhuku za nyama, zija zoyera, zili ndi kawerengedwe kake. Zimakhwima pa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi, kotero woweta amayambira tsiku la msika nkuwerenga chobwerera m'mbuyo. Wofuna kugulitsa pa Khrisimasi alowetse anapiye kumayambiriro kwa Novembala, koma adziwe kuti kudzakhala kukutentha: madzi ozizira asasowe, khola lipite mphepo, ndipo nkhuku zisathithikane.

Katemera wa chitopa wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku, ndipo amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Ndi wotchipa poyerekeza ndi mtengo wa nkhuku imodzi, koma n'zomvetsa chisoni kuti ambiri amamufuna nkhuku za oyandikana nawo zitayamba kale kufa, pamene katemera sachiza nkhuku yodwala. Mlimi asanapereke ndalama ya anapiye, akaonane ndi alangizi a ziweto a m'dera lake kuti apangane masiku a katemera wa chitopa ndi wa gumboro, ndipo khola, utuchi wouma, mbaula ndi thumba loyamba la chakudya zikhale zilipo kale tsiku lomwe anapiye akufika.