Za Mpweya Wabwino ndi Mpweya Woipa

Ana inu, munthu akhoza kukhala masiku ambiri osadya nsima, koma akasowa mpweya afa m'mphindi zowerengeka. Ikani dzanja pachifuwa, muwerenge. Mudzapeza kuti mupuma monga ka 20 pa mphindi imodzi, usana ndi usiku, osaleka.

Mpweya umene tipuma suli wa mtundu umodzi ayi. Tikaugawa magawo 100, magawo 78 ndiwo nayitrojeni, ndi magawo 21 ndiwo okosijeni. Wa okosijeni ndiwo mpweya wa moyo. Ulowa m'mapapu, ndipo mwazi uutenga nuufikitsa ku ziwalo zonse. Pobwera mwaziwo usenza mpweya wina wotha ntchito, dzina lake carbon dioxide, umene tiutulutsa popuma. Mitengo iulandira usana, nitibwezera okosijeni. Chifukwa chake wotentha tchire ndi wogwetsa mitengo mwachabe adzilanda bwenzi.

M'mimba namonso mukhala mpweya. Wina tiumeza podya mofulumira, wina upangika m'matumbo tikadya nyemba kapena nandolo. Umenewu suopsa, koma mimba ikatupa ndi kupweteka kwambiri, uzani akulu.

Moto nawonso ufuna okosijeni monga ife. Yatsani kandulo, muivundikire ndi mphika. Posachedwa idzazima, pakuti mpweya wake watha.

Tsono mverani za mdani wobisika. Kuno ku Golomoti kutentha, koma m'miyezi ya June ndi July, mwera ukamaomba, usiku kuzizira. Pamenepo ena alowetsa mbaula ya makala m'nyumba, natseka chitseko ndi mazenera, nagona. Makala akamayaka posowa mpweya wokwanira atulutsa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Ameneyu saoneka, sanunkha, ndipo agwira mwazi kolimba koposa okosijeni ka 200. Munthu ayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru. Koma wam'tulo samva kanthu, angofa chigonere. Akulu adati, chakudza sichiyimba ng'oma.

Nawonso wa carbon dioxide ukachuluka upha. Popeza uli wolemera koposa mpweya wina, usonkhana m'maenje ndi m'zitsime zakuya. M'chaka cha 1986, ku dziko la Cameroon, mpweya umenewu unatuluka usiku m'nyanja ya Nyos, nutsikira m'midzi ya m'chigwa, ndipo unapha anthu oposa 1,700 pamodzi ndi ng'ombe zawo. Nchifukwa chake okumba zitsime anzeru ayamba atsitsa nyali pa chingwe. Ikazima, iwo salowamo.

Utsi wa nkhuni nawo ulasa maso ndi kudwalitsa chifuwa, makamaka cha makanda obelekedwa kumsana pamene amayi aphika.

Potero sungani malangizo awa. Musagone ndi mbaula m'nyumba. Musafunde kumutu pogona. Khitchini ikhale ndi zenera, ndi nkhuni zikhale zouma. Mukapeza munthu wakomoka m'nyumba muli makala, tsegulani chitseko, itanani akulu, amtulutsire kunja, ndipo athamange naye ku chipatala cha ku Mua kapena china chapafupi. Mwana wodziwa zimenezi akhoza kupulumutsa banja lonse.

Mafunso
1. Mpweya wa moyo dzina lake ndi chiyani?
2. Kandulo yovundikira izimiranji?
3. Mukapeza mbaula m'nyumba yogonamo usiku, mudzatani?